Amayi Ankakankha Mota pa Chitunda cha ku Lifidzi

Mwaswera bwanji nonse.

Lero mwana wanga Fernando wagula karaburadori yaikulu, chosakaniza mafuta ndi mpweya mu injini, akuti mota yake, njinga yamoto ija, izithamanga kwambiri. Ndaseka, ndamuuza za agogo ake.

Nthawi ya Apwitikizi, Ulongwe akutchedwabe Vila Coutinho, bambo anaikanso yotereyi pa mota yawo. Phokoso linakula, gazolina inkatha msanga, koma pachitunda cha ku Lifidzi amayi ankatsikabe n'kumakankha, mwana ali kumsana.

Amayi atakana kukweranso, bambo anapita kwa makaniko. Iye anabwezera karaburadori yakale, n'kusintha vela yokha, pulagi yothetheka moto ija. Lamlungu lotsatira amayi anafika pamwamba osatsika. Anati, "Bambo a Rosa, lero ndiye ndakwera mota!"

Achimwene, inu munalipo. Ndanama kodi?