Tambala wa Alendo ndi Bondo la Galu Wathu

Achimwene anga akachita chinthu, anthu onse a ku Madzimoyo ayenera kuchidziwa dzuwa lisanalowe. Anali ahedi pasukulu, anapuma ntchito, koma pakamwa sipanapume. Ndiye galu wawo ataduka mtsempha wa m'bondo polumpha ngalande, iwo n'kupita naye ku Lusaka kukachitidwa opareshoni, nkhaniyo inalengezedwa mpaka pabwalo la tchalitchi. Ine ndinkakhala pakhomo pawo chimwalirire amuna anga, choncho ndinaimva mpaka makutu kuwawa.

Galuyo anabwera atametedwa mwendo wakumbuyo, bondo litasokedwa, m'khosi atavekedwa chipulasitiki chonga fanulo kuti asanyambite bala. Dokotala wa ziweto anatsindika chinthu chimodzi: asathamange kapena kulumpha kwa miyezi ingapo, apo ayi bondolo liwonongekanso. Achimwene anandiuza zimenezi ataimika chala, ngati akulankhula ndi mwana wa giredi wani. Ntchito yawo inathera pomwepo.

Yotsalayo inagwera ine. Masiku oyamba galuyo sankatha kuima yekha, ndiye ndinkamukulunga chitenje kunsi kwa mimba, ine n'kugwira nsonga zake m'mwamba, tikuyenda pang'onopang'ono kuti akadzithandize kuseri kwa khola la mbuzi. Azimayi opita kudimba ankaima n'kumafa nazo kuseka. "Amayi, koma mwanayo mwam'bereka mozondotsa!" Mapiritsi ndinkawabisa m'kachidutswa ka chiwindi. Bala ndinkatsuka ndine. Tinkamutsekera m'kachipinda kosungira chimanga, ndipo akayamba kulira ndinkakhala pakhomo pake n'kumatongola chimanga kuti azindiona. Poyamba sindinkamukonda galuyo, ndisaname. Koma tsiku limene anaponda pansi ndi mwendo uja n'kundiyang'ana, misozi inalengeza m'maso mwanga.

Achimwene ankangobwera ndi anzawo kudzamuonetsa pawindo. "Muli chitsulo m'mwendomo," ankatero monyada. "Zachizungu zenizeni."

Loweruka lina kunabwera akuchimuna kudzafunsira mbeta mwana wamkazi wa achimwene. Anali anthu a kutauni, ku Kapata, amasuti, galimoto yawo ili waliwali. Alendo otere sitiwaphikira nkhuku ya m'firiji. Timagwira yamoyo, kuwaonetsa, kenako n'kukaipha. Achimwene analoza tambala wofiira, wamkulu kuposa onse. Ine ndi alamu anga, akazi a achimwene, tonse a mawondo otha kale, tinamuthamangitsa kuzungulira nkhokwe, m'mapesi, kunsi kwa ngolo. Tambalayo anatichita chipongwe alendo akuonerera pakhonde.

Apa m'pamene achimwene ananyamuka. Asanavulale, galuyo anali katswiri wogwira nkhuku. Ankaipanikiza pansi ndi miyendo yakutsogolo, osailuma.

"Mutsegulireni," anatero achimwene.

"Achimwene, nthawi sinakwane. Adokotala aja anakaniza."

"Iwe, ku Lusaka ndinapita ndine kapena ndiwe? Mwendowo unapola kalekale. Alendo aone ntchito ya madokotala enieni."

Ndinaima pachitseko cha kachipindako. Anandisuntha mwaulemu wa mkulu wa mpingo, uku akumwetulira alendo, n'kutsegula. Kenako anaimba likhweru.

Galu anatuluka ngati sanadwalepo. Tambala anakhotera kunkhokwe, galu n'kukhota naye, ndipo ndinamva galuyo akulira kamodzi kokha, kwee! Koma tambalayo sanamutaye. Anamupanikiza pansi n'kumadikira monga anaphunzitsidwira, mwendo uja ukulendewera. Alendo anaomba m'manja. Wina anajambula pafoni.

Achimwene ananyamula tambala kukaonetsa alendo awo. Ine ndinanyamula galu, ndipo thupi lake lonse linkanjenjemera. Nkhukuyo sindinaiphike ndipo sindinailawe. Nkhani ya ukwati inayenda bwino kwambiri, anthu mpaka kululutira.

Dokotala wa ziweto wa kutauni yapafupi ataona bondolo anapukusa mutu. Anati zonse zimene zinakonzedwa zaphwasuka, ndipo kubwereza n'kovuta. Achimwene sanabwererenso ku Lusaka. Masiku ano amauza anthu kuti madokotala aja anawapusitsa, ntchito yawo njosalimba, ndipo anthu opanda chochitawo amawapepesa. Ine ndikamva zimenezo ndimangotsonya.

Galuyo akadali moyo, amayenda ndi miyendo itatu. Chakudya ndimamupatsa ndine, ndipo amagona pakhomo pa chipinda changa. Koma chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti achimwene akangoimba likhweru, iye amadzuka movutikira n'kutsimphina kupita kwa iwo, akugwedeza mchira.