Jumbo ya pa Nambala Naini

Pansi pa masitepe a nyumba yosanja ija panali kachipinda kopanda zenera, ndipo m'kachipindamo munali bafa lakale lodzaza nyongolotsi. Mwini wake anali mayi wosesa, amene anakolopa masitepe amenewo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mpaka mawondo ake anayamba kulira ngati chitseko chadzimbiri. Anthu ankamutchula Nanyongolotsi. Dzinali anamupatsa pomunyoza, koma iye analitola, n'kulisansa fumbi, n'kumavomera nalo.

Kuweta nyongolotsi anayamba chaka chimene mwamuna wake anachoka ndi wailesi osabweranso. Ana analibe. Anaboola bafalo pansi, anayalamo nyuzipepala zonyowa zong'ambang'amba, anathiramo kapu imodzi ya nyongolotsi zofiira zimene anapempha kwa wogulitsa maluwa, n'kuvundikira ndi chiguduli. Miyezi itatu iliyonse ankakolola manyowa akuda bii, ndipo tomato wake wa m'zitini ankachititsa manyazi wa kumsika. Ukatseka chitseko masana n'kukhala chete, unkazimva zikudya: kaphokoso konyowa, kosalekeza, ngati anthu ambiri akutafuna kuseri kwa khoma. Alendo ake sankakhalitsa.

M'mawa uliwonse khomo lililonse linkakoleka jumbo ya zotsala za kukhitchini pachitseko, iye n'kumatolera. Motero ankadziwa za m'nyumba za anthu kuposa abusa. Anadziwa kuti pakhomo la nambala thuu pali woyembekezera mwamuna wake asanauzidwe, chifukwa makoko a mandimu anachuluka mwadzidzidzi. Banja likayambana ankadziwanso, poti chakudya chinkabwera chosakhudzidwa. Koma pakamwa pake panali loko.

"Changa ine ndi zinyalala," ankatero. "Nkhani n'za eni."

Ankanyadira kwambiri khalidwe limeneli, ndipo anthu ankamukonda nalo.

Jumbo ya pamtima pake inali ya pa nambala naini, kwa a Lumo. Iwo anali nkhalamba imene inkameta anthu kale, yokhala yokha, ndipo matenda a pakhosi anawalanda mawu moti ankangonong'ona. Sukulu sanaipondeko, koma ukhondo wawo, eee! Tsiku lililonse munkakhala makoko a nthochi ziwiri, masamba a tiyi ndi chigoba cha dzira chosinja. Makokowo ankawadula ndi sizasi yawo yometera, tizidutswa tofanana, tating'ono ngati zikhadabo.

"Mukudzivutitsiranji, bambo?" anawafunsa tsiku lina.

"Nyongolotsi zilibe mano, amayi," ananong'ona a Lumo. "Ine ndatsala ndi atatu, ndiye ndikuzimvetsa."

Kenaka kunabwera mwana wa mlongo wawo ndi mkazi wake, ati kudzawasamala. Anali mwamuna wa ulemu wosefukira, wopereka moni ndi manja awiri ngakhale kwa wosesa. Patatha mwezi, a Lumo anasiya kuoneka pamasitepe.

"Amalume apita kwa amayi anga, akapumeko mpweya wina," anatero mwamunayo asanafunsidwe n'komwe. "Mwina sabweranso, amayi. Ukalamba, mukuudziwa."

Jumbo ya pa nambala naini inasintha. Munkabwera anyezi, mafupa, mafuta oundana, zonse zimene nyongolotsi zimadana nazo, ndipo tsiku lina munali batire. Nanyongolotsi ankakhuthulira pathabwa, n'kumasankha uku akung'ung'udza. Koma pansi pa jumbo, m'fumbi losesa m'nyumba, ankapezamo tizidutswa ta makoko a nthochi, todulidwa bwinobwino ndi sizasi.

Poyamba anati mwina mkaziyo waphunzira. Koma munthu wotaya batire m'chakudya cha nyongolotsi angakhale pansi kudula makoko? Anazisiya. Lolemba lina anatenga kachidutswa kamodzi n'kupita nako pakhomo pomwe panali kuwala. Mkati mwake munali mopalidwa mpaka kuonekera kuseri, ndipo munali mizere itatu. Anatenga kena, mizere itatu. Anayeza ndi chikhadabo. Amenewo anali mano.

Tsiku limenelo sanauze munthu. Mawa lake makoko kunalibe, kunabwera nyuzipepala yodulidwa mofananamo. Lachinayi kunabwera tizidutswa ta bulangete lotuwa. Iye ankangozithira m'bafa, n'kuvundikira msanga ngati wobisa chakuba.

Masana ena akukolopa pa nambala naini, eni ake atatuluka, anamva kaphokoso mkati. Tche. Tche. Tche. Kanali kutali, kuseri kwa zitseko ziwiri. Anagogoda kamodzi ndi mpini wa chokolopera, ndipo kanaleka. Kenaka kanayambiranso mofulumira, tche-tche-tche-tche, ngati munthu wothamangira basi. Nanyongolotsi anatsika masitepe osakumbuka zoti mawondo amamupweteka, ndowa anaisiya komweko.

Anadziuza kuti a Lumo anamwalira kumene anapitako, ndipo chimene chikudula m'nyumbamo ndi mzimu wawo. Tinene zoona, mzimu unali womupepukira. Mzimu sufuna kuti wosesa akagogode pakhomo pa anthu ovala bwino n'kuwanena kuti ndi abodza. Mzimu suchotsetsa munthu ntchito, kapena kumulanditsa kachipinda ka pansi pa masitepe. Anachita mantha, ndipo anasankha mantha amene sankamutuma kanthu.

Sabata yotsatira kunabwera tsitsi. Linali la imvi, lalifupi, lodzaza dzanja. Analithira m'bafa. Patapita masiku awiri atavundukula chiguduli, analipeza lili mbee pamwamba pomwe analisiya, nyongolotsi zitalilambalala. Anakhala pandowa n'kumaliyang'ana, kutafuna kuja kukumveka mbali zonse.

Lachisanu anakhuthula jumbo, anapeta fumbi ndi zala, anabwerezanso. Munalibe kalikonse kodulidwa. Anakwera, anaika khutu pachitseko, kunali zii. Zimene phokoso linalephera kumuchititsa, bata linamuchititsa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, anadzinena yekha, ndipo anathamangira kwa mlonda ndi kwa wokonza mapaipi, amene anali kuseri akumwa tiyi.

"Tengani chitsulo chanu chachikulu chija, achimwene," anauza wamapaipi.

"Kwaphulika kuti?"

"Pa naini. Musandifunse zambiri, ndingabwerere m'mbuyo."

Anatsegula ndi mkazi uja, atavala chovala chogonera, mwamuna wake atapita kuntchito. Wamapaipi ananama kuti madzi akudonthera apansi. Nanyongolotsi sanadikire kuti amulowetse. Anadutsa pabalaza, anadutsa kukhitchini, mpaka pakachipinda kosungira katundu. Panali loko watsopano, ndipo pansi pa chitseko panali mpata wolowa zala ziwiri.

"Mumenemo muli katundu chabe, amayi," anatero mkaziyo. "Kiyi ali ndi abambo. Kodi inu si wosesa?"

"Ndine amene. Thyolani, achimwene."

Fungo ndi limene linayamba kutuluka. A Lumo anali atagona pansi, patheka la bulangete, mutu uli wometedwa mbali imodzi, sizasi ili m'zala. Pambali panali ndowa ndi kapu youma. Mwana wa mlongo wawo uja ndi mkazi wake anawatsekera mmenemo chifukwa ankakana kudinda chala papepala lopereka nyumba, ndipo chakudya ankachichepetsa tsiku ndi tsiku kuti afewe. Tizidutswa tija ankatikankhira pansi pa chitseko, mkaziyo n'kumasesa, n'kumathira m'jumbo osayang'ana.

Mlonda anavula chipewa, poyesa kuti zatha. Koma maso a nkhalambayo anatseguka.

Anthu anali atadzaza kale pakhomo. Wa pa eyiti ankalumbira kuti sanamvepo kanthu. Wa pa teni ankati kugogoda kumene ankamva ankayesa ndi mapaipi. "Tikanadziwa!" ankatero onse, ndipo ankanena zoona.

Nanyongolotsi anagwada pambali pa a Lumo, anawadzutsa mutu, anawanyowetsa milomo ndi madzi a m'dzanja. Milomoyo inkagwedera, ndiye anawerama kuti amve.

"Pepani, amayi," ananong'ona a Lumo. "Makoko aja ndinkayamba ndakukuta ine. Ziweto zanu zinkalandira zotsala."

"Ndinaona, bambo," anatero, misozi ikugwera pabulangete. "Ndinaona mano anu."

Nkhalambayo inamuyang'ana nthawi yaitali. M'maso mwawo munalibe mkwiyo, ankangofuna kudziwa, monga munthu amene wakhala akuwerenga masiku mumdima.

"Munaona liti?"

Nanyongolotsi akanatha kunena kuti dzulo, ndipo palibe akanamutsutsa.

"Lolemba la sabata yatha," anatero.

A Lumo anayendetsa chala chachikulu pa zala zinazo, kamodzi, kawiri, mpaka zala zinatha, n'kuyambiranso.