Asiyatu Walije Analowa M'filimu ya Chihindi Osadziwa

Asiyatu Walije kwawo ndi ku Namwera, koma ku Doha ankakonza zipinda mu hotela ina ya ku Al Dafna. Anali mayi wofatsa, wokonda kuima pawindo. Akamaliza kuyala bedi ankasuzumira kunja, kumene kutentha kunkachititsa nyumba zitalizitali kuoneka ngati zikuyandama m'malere. Maganizo ake ankayandama nazo mpaka supavaiza atakuwa kuti, "Yalla, fulumira, Asiyatu!"

Ankakhala ku Al Mansoura, m'fulati yogawana ndi akazi anzake. Lachisanu lina masana, anzakewo atapita kokayenda, anamva phokoso kuseri kwa khoma. Bambo wina ankakalipa m'Chihindi, wina akumubwezera mawu. Kenako mbale inasweka, mayi n'kuyamba kulira. Mawuwo sankawamva, koma kulira kotereku ankakudziwa. Ali mwana, bambo ake ndi achimwene ake ankakangana chomwecho, iye atabisala kuseri kwa chitseko.

Tsiku limeneli sanabisale. Anafunda mpango, n'kukakankha chitseko cha anebawo. Anapeza mayi atakhala pansi pakati pa zidutswa za mbale, amuna awiri akulozana zala. Anagwada n'kumukumbatira mayiyo.

"Zakwana, anthu inu," anatero m'Chichewa. "Khalas, basi. Simukuona kuti amayiwa atopa?"

Onse anamutembenukira. Ndi pamene Asiyatu anaona kamera pakona, ndi bambo wamfupi atagwira pakamwa. Anali Cassim, Mmwenye wosita zovala ku Al Doha Al Jadeeda. Masiku a ofu iye ndi anzake ankajambula kafilimu kawokawo ka banja lomwe silitha kudyera pamodzi popanda kukangana. Wolirayo anali Fauziya, wogulitsa m'sitolo ya nsalu.

Manyazi anamugwira Asiyatu, n'kufuna kuthawa, koma Fauziya sanamusiye dzanja. Misozi ya Fauziya tsopano inali yeniyeni.

"Sisita, musapepese," anatero Cassim m'Chingerezi. "Ndakhala ndikusowa mathero a nkhaniyi. Mungalole kuti mukhalemo?"

"Koma ine Chihindi sindichidziwa."

"Palibe vuto. Mwamva zonse."

Anavomera. Sabata yotsatira anayesa kujambulanso kuti chithunzi chioneke bwino, koma Asiyatu ankangoyang'ana kamera n'kuphulika kuseka. Pomaliza Cassim anangosunga zoyamba zija.

Filimuyo anaionetsa masana ena m'chipinda cha pamwamba pa malo odyera, atatseka makatani n'kupachika nsalu yoyera pakhoma. Munadzaza madalaivala, alonda ndi ophika. Fumbi linkauluka pang'onopang'ono m'kuwala kwa makina oonetsera filimu, fungo la tiyi wa zonunkhira likukwera kuchokera pansi. Asiyatu anadziona pansalupo, wamkulu kuposa mmene ankadzidziwira, akulowa m'nyumba ya eni ngati munthu woyenda m'tulo. Chichewa chake chitamveka, palibe anafunsa tanthauzo. Mlonda wina wachikulire anavula magalasi n'kuwapukuta kwa nthawi yaitali.

Kafilimuko sikanapite patali. Kanayenda m'mafoni a anthu a m'derali, ndipo kwa kanthawi ogulitsa masamba ankamupatsa Asiyatu moni pomuuza kuti, "Zakwana!"

Chimene chinakhalitsa ndi ubwenzi wake ndi Fauziya. Lachisanu lililonse ankayenda limodzi m'mphepete mwa nyanja, wina akusimba za kwawo m'Chingerezi chodukaduka, wina akuyankha ndi manja. Nthawi zina ankangoonerera maboti amatabwa akugwedezeka pamadzi.

Chaka chino mwana wamkazi wa Fauziya akukwatiwa ku India, ndipo Asiyatu waitanidwa. Tchuthi anamupatsa kale. Pano akuphunzira kuvala sari yobiriwira imene Fauziya anamusankhira, ngakhale imamumasukabe akangoyenda pang'ono.