Zikhatho za mwana wa sekondale

Fizi yanga ya ku sekondale amalipira malume, msodzi wa pa Mbamba Bay. Tinapangana kuti ndizibweza ngongoleyo pokoka nawo khoka pa tchuthi.

Tsiku loyamba lomwe, matuza mbwee m'zikhatho! Ndiye ndinawanamiza kuti Mzungu woyang'anira sukulu yathu amayendera zikhatho, ndipo wa zikhatho zokhakhala amamuchotsa.

"Ee! Ndalama zanga zipite m'madzi? Khala pamthunzi, mphwanga," anatero malume.

Bodzalo linakoma, sindikana. Koma dzulo ndinawamva akudzitama kwa anzawo, chingwe chili paphewa: "Uyo ndi kalaliki wanga. Akayamba ntchito adzandigulira bwato, ine n'kupuma."

Ine ndimati ngongole ndaizemba, kani ndaikulitsa. Komabe mawa sindikoka.