Laryea ndi Pulagi ya M'chipinda Chozizira

Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, Laryea Otoo ankayendayenda mu ofesi yathu ku Tema ali ndi kaburashi m'thumba la malaya. Kampani yathu imaombola katundu padoko. Makompyuta analipo makumi anayi, ndipo Laryea ankawadziwa ngati mbuzi za m'khola mwake: iyi imatsokomola nyengo ya fumbi ikafika, iyo imakana kudzuka Lolemba. Mankhwala ake anali amodzi kwa tonse.

"Ikauma, zulani pulagi, werengani mpaka teni, bwezerani. Osandiitana ndikamadya kenke wanga."

Kenako bwana wathu, Mayi Botchway, anati kusamala makina ambiri chonchi kukuyamwa kampani. Anaitana katswiri wa ku Accra, dzina lake Selasi. Mabokosi akuluakulu anachotsedwa, ndipo patebulo lililonse panaikidwa kabokosi kofanana ndi sopo. Selasi anafotokoza kuti makompyuta onse tsopano akukhala m'makina amodzi otchedwa seva, m'chipinda chozizira kumapeto kwa khonde, ife tikungoonera patali. Laryea anapatsidwa kalata yoti mwezi ukatha akapume pa ntchito. Palibe wina anamuyankhulira. Ine, kalaliki wamkulu, ndinalemba kalata yotsutsa ya masamba atatu, ndipo yankho ndikulidikirabe mpaka lero.

Ndinkayesa kuti akwiya. Ayi ndithu, munthuyo anangogwidwa ndi chidwi. Ankakhala patebulo la wina, n'kulemba nambala yake yachinsinsi, n'kupeza kuti ntchito yake yamutsatira kumeneko. Ankapukusa mutu n'kusamukira pa lina. Ankalondola Selasi paliponse, kope lili m'manja, n'kumamufunsa mafunso.

"Achemwali, kompyuta ya kalaliki wathu, a Nortey, ili pati m'bokosimu, pamwamba kapena pansi?"

"Paliponse, bambo. Zonse zathinana ngati anthu m'trotro, minibasi zathu zija."

"Nanga dalaivala akakomoka?"

Selasi anaseka, koma anamuonetsa. Makinawo ali m'mabokosi awiri, ndipo akazima sadzuka mwachisawawa: choyamba bokosi losunga mafayilo, udikire nyali yobiriwira, kenako linalo. Laryea analemba zonse.

Lachinayi la sabata yake yomaliza, mapepala a sitima ya nsomba ankafunika padoko isanakwane thu koloko. Sikirini ya a Nortey, kalaliki amene mutu wake sunandisangalatsepo chiyambire, inauma. Anazula pulagi ya kasopo kaja, koma sizinathandize. Ndiye anakumbukira kumene kompyuta yawo ikukhala masiku ano. Anayenda bwinobwino mpaka kuchipinda chozizira, n'kuzula pulagi yaikulu. Anawerenga mpaka teni, n'kubwezera.

Masikirini makumi anayi, bii! Selasi anali ku Accra, foni osayankha.

"Anakuphunzitsani zimenezi ndani?" anakuwa Mayi Botchway.

"Ndi a Laryea, mayi. Zaka zonsezi timatero."

Mayiwo anatembenukira kwa Laryea. "Bambo Otoo, mwati muchoke mutatikwirira?"

"Mayi, ine ndinawaphunzitsa kutsitsa munthu mmodzi. Iwowa agwetsa trotro yonse m'ngalande. Ndipatseni mphindi makumi awiri."

Anagwada m'chipindamo, kope lili pabondo. Anazimitsanso zonse, n'kuyatsa bokosi loyamba. Nyali inachedwa kubiriwira, ndipo a Nortey anayamba kumuuza kuti angodina mabatani onse.

"Akulu, manja m'thumba. Lero mwagwira ntchito yokwanira."

Nyali inayaka. Anadzutsa lachiwiri, ndipo masikirini anayamba kuphethira imodzi ndi imodzi. Mapepala anafika padoko nthawi isanathe.

M'mawa mwake Mayi Botchway anaitanitsa kalata yopumitsa Laryea ija n'kuing'amba, koma mawu oti pepani sanatuluke. A Nortey sanadzudzulidwe n'komwe, ndipo zimenezo sindidzaiwala. Pachitseko cha chipindacho anaikapo loko, kiyi n'kumupatsa Laryea. Amaivala m'khosi. Kaburashi akadali nako, chifukwa fumbi silinalandire kalata yopuma. Ntchito imene imamuvuta tsopano ndi kuchotsa m'mitu mwathu zimene iye mwini anaikamo.