Amalume alonjera munthu wa mu kanema

Moni nonse. Wandiputa lero ndi Rashidi, mwini vidiyo sho ya pa Chipoka. Wajambula amalume anga, a Jafali, pa foni, akuti awaponya pa intaneti anthu aseke.

Nthawi ya chipani chimodzi, amalume adaonera kanema wobwera pa galimoto, wa munthu amene anzake adamusiya yekha ku dziko lina kumwamba. Kanemayo adathera pomwepo. Zaka zonsezi akhala akufunsa ngati munthuyo adabwerako.

Gawo lachiwiri lafika lero, lomasuliridwa m'Chichewa. Ndinawatenga masana kupita nawo kwa Rashidi, atavala mkanjo wawo wa Lachisanu. Munthu uja atangoonekera, imvi mbuu, amalume anaimirira dzanja pachifuwa.

"Salaam aleikum, achimwene! Mwakalamba chonchi? Mumadya chiyani kumeneko?"

Mwangozi womasulira anamuyankhulitsa kuti, "Ndatopa ndi zam'chitini, ndikufuna usipa."

Amalume amvekere, "Mupitire kunyumba." Anthu onse kugwa nako kuseka.

Potuluka ndinawafunsa ngati akudziwa kuti ndi kanema chabe. Anati, "Ndikudziwa. Koma imvi zija ndi zake zenizeni. Tinali anyamata limodzi."

Mayankhidwe amenewa akundizungulirabe m'mutu. Anakubala, poti ndi alongo anu, inu mumawadziwa bwino, ankaseleula kapena zinawakhudza?

Rashidi ndinamubwerera, ndinamugwira dzanja la foni lomwelo.

"Fufuta ine ndikuona. Iwe netiweki ikangochedwa pang'ono umatukwana. Awa amudikira munthu kuyambira usanabadwe, ndipo atamuona ayamba ndi moni."