Apongozi Ankawerenga Masiku a Mchere

Mng'ono wanga anagwa koyamba ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, akuyanika zovala kuseri kwa nyumba yawo ya lendi ku Chinsapo. Uthenga unandipeza pakhonde la sitolo ku Kawale pomwe ndinkasoka, ndipo makina ndinangowasiya nsalu ili pomwepo. Kuchipatala ndinamupeza kukamwa kutapotoka, mkono wamanzere uli lende ngati si wake. Anati ndi sitiroko. Ine matenda amenewa ndinkawadziwa kuti ndi a madala a mimba zawo, osati a mwana wowonda amene ndinamubereka kumsana ndekha.

Dokotala wake anali mayi wamfupi wosakonda macheza. Atamva kuti wodwalayo anapita padera kawiri, ndiponso kuti mwendo wake unatupapo popanda chifukwa, anatiitanira pambali ine ndi alamu anga, mwamuna wake.

"Magazi a mayiwa amaundana msanga," anatero. "Kachibuma kamodzi katseka mtsempha wa m'mutu. Kakhoza kubweranso kena, ndipo kachiwiri sikachita chisoni."

Anatipatsa timapiritsi tating'ono toti azimwa kamodzi madzulo alionse, osadumphitsa. Mwezi ndi mwezi azibwera kudzayezetsa magazi. Asatenge pakati asanauze achipatala, chifukwa mapiritsiwo amavulaza mwana, ndipo pali jakisoni amene angalowe m'malo mwake. Msambo ukachuluka abwere adzachepetse mlingo, koma asasiye yekha. Alamu anga, amene ankawotcherera zitsulo ku Biwi, ankangoti "Eya adokotala, eya adokotala," mutu uli gwedegwede. Anthu ovomera msanga ndimawaopa kuyambira nthawi imeneyo.

Anachira ndithu. Patatha miyezi ingapo ankayenda, ngakhale mwendo ankaukoka pang'ono, ndipo pakamwa pake panabwerera mwakale mpaka kuyambanso kundinena kuti ndimasoka madiresi a agogo. Alamu anakatenga mayi awo ku Mulanje kuti adzathandize ntchito zapakhomo. Ine ndinawathokoza, ndi kuwasokera mayiwo bulauzi yaulere. Ndikaikumbukira bulauzi imeneyo ndimadzitsonya ndekha.

Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana wina kuti amuthirire, kuopa kudwalitsa apanyumba. Tonse tinaleredwa choncho ndipo mng'ono wanga sankaphonya. Kale ankaitana mnzake wa nyumba yoyandikana, koma tsopano m'nyumba munali apongozi. "Amayi, tadzandithirireni mchere." Ndiye kuti chinsinsi cha thupi lake chinali m'manja mwa apongozi, ndipo iwo ankawerenga. Mapiritsi aja anatalikitsa msambo. Masiku anayi anasanduka asanu ndi atatu, mwezi wina asanu ndi anayi.

Lamulungu lina masana ndinapita kukamuona. Pambaula panali mphika wa masamba a mapeyala ukubwata, madzi ake ofiirira ngati dzimbiri, ndipo pawindo panali mabotolo a chidede, chakumwa chofiira chija amati chimaonjezera magazi. Apongozi anamukoka mng'ono wanga ngati mbuzi ya pamsika, nam'tsegula chikope ndi chala.

"Taonani nokha, achemwali ake. M'maso mwayera mbuu. Munthu akutha magazi uyu, inu n'kumamupatsanso mankhwala osungunula otsalawo?"

Ndinafotokoza zonse zimene ananena dokotala, pang'onopang'ono, mwaulemu wake. Iwo anangoseka.

"Ine ndakula, mwananga. Sindinamvepo munthu akudwala chifukwa magazi ake ndi olimba. Mkazi amadwala magazi akachepa, basi."

Amayi awiri apafupi amene anabwera kudzacheza anavomera onse pamodzi. Izi ndiye zimandinyansa m'makomboni mwathu. Mkazi mutu ukamupweteka, magazi achepa. Akachita chizungulire, magazi achepa. Ngakhale atagundidwa ndi minibasi, pamapezeka wina wothamangira kukathyola masamba a mapeyala. Aliyense ndi dokotala, chipangizo chake ndi chala chotsegulira chikope.

"Nanga mdzukulu ndidzamuona liti," anawonjezera apongozi, "munthu akungokhalira kusamba?"

Ndinawauza alamu kuti apite naye kuchipatala akachepetse mlingo monga anatiuzira. Anati sabata yamawa, panopa ali ndi mageti a anthu oti amalize. Ndinamufunsa mng'ono wanga ngati akumwa mapiritsi.

"Ndikumwa, achemwali," anatero, maso ali pansi.

Ndikanayenera kunena kuti andionetse botolo. Koma botolo linali kuchipinda, ndipo kuchipinda kwa alamu munthu sulowako. Ndinasunga mwambo. Choposa apo, apongozi atanditungira kapu ya madzi a mapeyala aja, ndinalandira ndi manja awiri, ndi kumwa, ndi kuthokoza. Anali owawa ngati ndulu. Palibe chimene chimandichititsa nseru ngati ulemu wanga wa tsiku limenelo.

Nditapitanso mwezi wotsatira, apongozi anandichingamira akumwetulira. Anandinong'oneza kuti mwezi umenewo mchere anathira masiku anayi okha. Ine, chitsiru, ndinakondwera nawo, poganiza kuti mng'ono wanga anapita kuchipatala kuja kukachepetsa mlingo. Ndinawafunsa alamu ndipo anati, "Zonse zili bho, alamu, musadandaule." Ndinakwera minibasi yobwerera mtima uli m'malo.

Kachiwiri anagwera pampope m'mawa, ali pamzere wotunga madzi. Ulendo uno inafa mbali ya kumanja, ndipo mawu anapita nayo. Dokotala yemwe uja anatsegula buku lake la kuchipatala, naona kuti papita miyezi itatu asanabwere kudzayezetsa. Magazi atawayeza, anapeza kuti mulibe mphamvu ya mankhwala ngakhale pang'ono. Sanakalipe. Anangondiyang'ana ine, poti ndine ndinaima pafupi, alamu atatulukira panja kukayankha foni.

Tsiku lomwelo ndinapita ku Chinsapo. Kuchipinda kuja ndinalowa osaodira, ndi kugwedeza chilichonse, koma botolo silinali kumeneko. Ndinalipeza pabalaza, m'chikwama cha apongozi, litakulungidwa mu mpango pamodzi ndi fodya wawo wa m'mphuno. Linali lodzaza pafupifupi mpaka kukamwa.

Nditabwerera kuchipatala, apongozi ndinawapeza kuchitando cha odikirira odwala, akupala moto kuti aphike phala. Ndinaponya botolo pamiyendo pawo, anthu akuona. Zimene ndinalankhula sindingazilembe pano. Ndinaiwala kuti ndi munthu wamkulu, ndipo mpaka lero sindinapepese. Iwo anadikira kuti nditope, natola botolo, nalipukuta phulusa ndi chitenje.

"Mwamaliza, mwananga? Ine sindinamulande. Anandipatsa yekha kuti ndimusungire, ati akufuna mwana, watopa kunenedwa. Ngati mukuti ndikunama, pitani mukamufunse mwini wake."

Analankhula mofatsa, ngati akundilozera njira ya kumsika. Sindikudziwa ngati ankamva zimene akunenazo.

Ndinapitadi. Ndinagwada pambali pa bedi, ndi kumupukuta dovu limene linkatsikira pachibwano. Ndinamufunsa ngati anapereka yekha mapiritsi aja kapena anachita kumulanda. Anandiyang'ana ndi maso ake onse, ndipo chimene chinatuluka pakamwa pake ndi "a, a, a" basi. Ndinamuuza kuti angogwedeza mutu. Anatembenukira kukhoma.

Atatuluka m'chipatala, alamu anabwera naye kwanga ku Kawale pa galimoto ya mnzawo yonyamulira zitsulo, pamodzi ndi sutikesi yake. Anati akachira adzamutenga. Apongozi anali atabwerera kale ku Mulanje, ati kukakolola nandolo. Chaka chisanathe ndinamva kuti ku Chinsapo kuja kwalowa mkazi wina.

Ndinakhala naye zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkamusambitsa, kumudyetsa, ndi kumukhazika pampando pafupi ndi makina anga kuti aziona anthu odutsa. Piritsi lake sanaphonyenso ngakhale tsiku limodzi, koma linalibenso choti libweze. Funso lija ndinamufunsa kambirimbiri, nthawi zina mwachifundo, nthawi zina ndili wolusa, ndikumugwedeza phewa ngati wandibera. Mpaka tsiku limene tinamunyamula kupita naye kumudzi kukamuika m'manda, sanandiyankhe.